Maseva 7 mwa 8: Nkhani ya Knight Capital ndi Mndandanda Umene Kunalibe

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta komanso kuyang'anira gulu la anzanga olemba nawo. Tikalandira mnyamata kapena mtsikana watsopano, chinthu choyamba chimene chimamunyansa ndi pepala limene timachonga tisanaike pulogalamu yatsopano pa maseva, makompyuta amene amayendetsa mapulogalamu athu usana ndi usiku. Amaliona ngati lonyoza nzeru zake. Wina anachita kundifunsa maso ndi maso kuti, "Bwana, ndiye kuti simundikhulupirira?" Ndinamuyankha ndi nkhani ya Knight Capital, ndipo ndaganiza zoilemba pano yonse kuti anzanga a ntchito ngati yanga aione bwinobwino. Zambiri za nkhaniyi zinadziwika bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, la SEC, litamaliza kufufuza mu Okutobala 2013. Bungwelo silinatchule maina a amisiri amene anali pantchito masiku amenewo, ndipo linachita bwino.

Knight Capital inali ku Jersey City, tsidya lina la mtsinje wa Hudson mukaima ku New York. Inkagula ndi kugulitsa masheya. Makampani amene amagulira anthu wamba masheya ankatumiza maoda awo kwa iyo, iyo n'kuwapezera wogula kapena wogulitsa. Sinali kampani yamasewera ayi. Mu 2011 ndi 2012, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a malonda onse a masheya a pamisika ya ku America linkadutsa m'makina ake.

Pakati pa makinawo panali pulogalamu yotchedwa SMARS, imene inkayenda pa maseva 8. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Tinene kuti munthu wakutumani kuti mumugulire matumba 1,000 a chimanga. Simungawapeze kwa wogulitsa mmodzi, ndiye mumamwaza ana m'misika yosiyanasiyana, uyu akagule matumba 50, uyo 100. Pakhomo pamakhala munthu wa kope ndi cholembera amene akuwerenga matumba amene afika, ndipo akakwana 1,000 amakuwa kuti basi, musatumenso ana. SMARS inkachita zomwezo. Oda yaikulu amaitcha kholo, timaoda ting'onoting'ono timene imabereka amatitcha ana, ndipo m'kati mwa khodi, malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu, munali kachigawo kowerenga kuti masheya agulidwa angati kuti ana aleke kutumizidwa oda ya kholo ikakwana.

Mbewu ya vutoli inadzalidwa zaka 9 tsikulo lisanafike. Mu SMARS munali khodi yakale yotchedwa Power Peg. Kampani inasiya kuigwiritsa ntchito mu 2003, koma sinaichotse. Inangokhala momwemo, ndipo inali yoti ikhoza kudzuka ikaitanidwa. Mu 2005, amisiri anasuntha kachigawo kowerenga kaja n'kukaika poyambirira pa ndondomeko ya SMARS. Panalibe cholakwika ndi kusunthako pakokha, koma palibe amene anayesanso Power Peg kuti aone ngati ingayende bwino kachigawoko katachoka pamalo pake. Ayesenso bwanji chinthu chimene aliyense ankati n'chakufa? Kuyambira pamenepo Power Peg inali ngati wotuma ana kumsika wopanda munthu wa kope uja. Ikangodzuka, ituma ana mpaka kalekale.

Tonse amene talembapo khodi timadziwa mmene zimakhalira. Khodi yakale timaiopa kuichotsa chifukwa amene anailemba anachoka kale ndipo sitikudziwa kuti yamangirirana ndi chiyani. Timati tidzaichotsa ntchito ikachepa. Ntchito siichepa.

Mu 2012 msika wa New York Stock Exchange unakonza ndondomeko yatsopano ya malonda a anthu wamba yotchedwa Retail Liquidity Program, mwachidule RLP, yoti iyambe pa 1 Ogasiti. Knight inafuna kuti makasitomala ake alowe nawo tsiku loyamba lomwelo, choncho amisiri analemba khodi yatsopano ya SMARS. Apa m'pamene anapanga chisankho chimene ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse. Oda iliyonse imabwera ndi tizizindikiro touza pulogalamu choti ichite nayo, timene amisiri timati ma flag. Power Peg inali ndi flag yake yoidzutsira. M'malo mopanga flag yatsopano ya RLP, anatenga ya Power Peg yomweyo n'kuipatsa tanthauzo latsopano.

Maganizo awo anali omveka ndithu. Khodi yatsopano inkayenera kulowa m'malo mwa Power Peg n'kuifafaniza, ndiye flag ija ikanakhala yopanda mwini. Mwinanso kuigwiritsanso ntchito kunkachepetsa zosintha m'mapulogalamu ena otumiza maoda ku SMARS. Koma zonsezi zinkadalira chinthu chimodzi chokha: kuti seva iliyonse ilandire khodi yatsopanoyo. Pa seva ya khodi yatsopano, flag inkatanthauza kuti oda ipite ku RLP. Pa seva ya khodi yakale, flag yomweyo inkatanthauza kuti Power Peg idzuke.

Kuyambira pa 27 Julayi 2012, anayamba kuika khodiyo pa maseva pang'onopang'ono, masiku angapo motsatizana. Mmisiri mmodzi sanaikopere pa seva imodzi mwa 8 aja. Basi. Panalibe chiwembu, panalibe mbava za pa intaneti, ndipo khodi yatsopanoyo inalibe vuto moti pa maseva 7 inayenda bwino lomwe. Ofufuza anapeza kuti panalibe mmisiri wachiwiri woti aone ntchito ya mnzakeyo, ndiponso kampani inalibe lamulo lolembedwa lofuna kuti zimenezo zichitike. Palibe amene anadziwa kuti pa seva ya nambala 8 Power Peg ikadalipo.

Ndikafika pamenepa pofotokoza, achinyamata ambiri amafulumira kuweruza mmisiri uja. Ndimawafunsa kuti ndani mwa iwo sanaiwalepo kiyi m'galimoto kapena foni patchaja. Munthu amene akubwereza ntchito imodzimodzi kasanu ndi katatu, pa masiku osiyana, mwina akuyankhanso mafoni ndi mauthenga, tsiku lina adzadumpha kamodzi. Chodabwitsa si kuiwala kwake. Chodabwitsa n'chakuti kampani yonyamula malonda ochuluka chotero inalola kuti kuiwala kwa munthu mmodzi kudutse mpaka kukafika kumsika popanda pokodwa paliponse.

Lachitatu pa 1 Ogasiti, makina anayesa kuwachenjeza. Cha m'ma 8:01 m'mawa, maoda ena a RLP amene anafika msika usanatsegulidwe anachititsa kuti makina ayambe kutumiza maimelo kwa gulu la ogwira ntchito. Maimelowo ankatchula SMARS, ndipo anali ndi mawu akuti "Power Peg disabled". Pofika 9:30, nthawi yotsegulira msika, anali atatumizidwa 97. Ola lathunthu ndi theka, dzina la khodi imene inayenera kukhala itafafanizidwa linkabwerezedwa m'mabokosi a imelo a anthu, koma palibe amene anachitapo kanthu. Maimelo amtunduwu sanapangidwe ngati machenjezo, ndipo anthu sankakonda kuwawerenga akafika. Sindikuwaseka. Inenso ndili ndi foda ya maimelo a makina imene ndimaitsegula pokhapokha zinthu zitavuta kale.

Msika utatsegulidwa, maoda anayamba kugawidwa pa maseva onse 8. Amene anagwera pa maseva 7 aja anayenda bwino. Amene anagwera pa seva yotsalayo anadzutsa Power Peg, ndipo iyo inayamba kutuma ana mosalekeza, osadziwa kuti oda ya kholo yakwana kale. Mbali ina ya makina a Knight inkadziwa kuti maodawo akwana, koma uthengawo sunkafika ku SMARS. Maoda a makolo anali 212 okha. Pa mphindi pafupifupi 45, anabereka malonda opitirira 4 miliyoni pa masheya a mitundu 154, ndipo masheya onse amene anasinthana manja anapitirira 397 miliyoni. Pamapeto pake Knight inapezeka itagula masheya amene sinkawafuna a madola pafupifupi 3.5 biliyoni pa mitundu 80, ndiponso itagulitsa masheya amene inalibe a madola pafupifupi 3.15 biliyoni pa mitundu 74. Mitengo inagwedezeka pamsika wonse. Pa mitundu 37, mtengo unasuntha ndi zoposa 10 peresenti, ndipo oposa theka la malonda a masheya amenewo anali a Knight yokha.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, bwanji sanangozimitsa? Malonda osokonekerawo ankaunjikana mu akaunti ina imene ankaitcha 33 Account. Akauntiyo inali ndi malire a madola 2 miliyoni, koma malirewo anali a papepala chabe, sanalumikizidwe ndi chilichonse choimitsa makina akadumphidwa. Pulogalamu yoonera mmene ndalama zilili, ya PMON, inkangoonetsa manambala pasikirini. Siinkaliza belu, siinkaonetsa malire, ndipo malonda akachuluka inkatsalira m'mbuyo. Anthu anaona kuti manambala akukwera koma sanadziwe msanga kumene maodawo akuchokera. Kampani inalibenso ndondomeko yolembedwa youza anthu choti achite zinthu zikafika pamenepa, kapena yonena kuti SMARS iimitsidwe liti. Choncho amisiri anayamba kufufuza vuto makina ali m'kati motumiza maoda, ngati munthu wofunafuna pamene paipi yaphulika asanatseke madzi.

Kenako anachita chimene pafupifupi aliyense wa ife akanachita. Anaganiza kuti chasintha posachedwa ndi khodi yatsopano, ndiye vuto ndi khodi yatsopanoyo, ndiye ichotsedwe. Anaichotsa pa maseva 7 amene inkayenda bwino aja. Koma maoda ankabwerabe ndi flag ija. Tsopano m'malo mwa seva imodzi, Power Peg inayamba kudzuka pa maseva enawonso. Kubwerera m'mbuyo, kumene timakuphunzitsa ngati njira yothawira pangozi, kunakhala kuthira palafini pamoto.

Ndimaima nthawi yaitali pa mfundo imeneyi chifukwa magulu ambiri amene ndagwirapo nawo ntchito amalemba mzere umodzi wokha wakuti zikavuta tibwezeretsa pulogalamu yakale. Sauyesa, ndipo safunsa kuti pulogalamu yakaleyo idzakumana ndi chiyani ikabwerera. Nthawi imene yatsopano inali pantchito, zinthu zina zoizungulira zinasintha: ma flag, matebulo a mu database (nkhokwe yosungiramo zinthu pakompyuta), mauthenga ochokera ku mapulogalamu ena. Pulogalamu yakale imabwerera m'mudzi umene unasintha iyo kulibe. Kwa Knight, choyamba kuchita chinali kuimitsa maoda a flag ija, kenako n'kukhudza khodi. Zimenezi n'zosavuta kuziona uli pampando ukumwa tiyi. Madola 10 miliyoni akamatha pa mphindi iliyonse, mutu sugwira, n'chifukwa chake ndondomeko yobwerera iyenera kulembedwa dzulo lake anthu mitima ili m'malo.

Atakwanitsa kuimitsa makinawo, madzi anali atatayika kale. New York Stock Exchange inafafaniza malonda a mitundu 6 yokha ya masheya, ena onse anakhala a Knight. Kampani inalengeza kuti yataya madola pafupifupi 440 miliyoni, ndipo SEC pambuyo pake inati ndalamazo zinapitirira 460 miliyoni. M'masiku awiri masheya a Knight yeniyeniyo anagwa ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Pa 6 Ogasiti gulu la makampani ena, kuphatikizapo Jefferies, Blackstone, Getco ndi TD Ameritrade, linaikamo madola 400 miliyoni kuti isagwe, koma linatenga gawo lalikulu la umwini wake. Mu Disembala 2012 inagwirizana zophatikizana ndi Getco, ndipo mu Julayi 2013 panabadwa kampani ya KCG Holdings, imene nayonso inagulidwa ndi Virtu Financial mu 2017. SEC inalipiritsa Knight chindapusa cha madola 12 miliyoni pa 16 Okutobala 2013. Aka kanali koyamba kuti bungweli lilange kampani pogwiritsa ntchito lamulo la mu 2010 lofuna kuti aliyense wolumikiza makina ake kumsika akhale ndi zotchingira ngozi.

Pali kanthu kena m'zimene anapeza ofufuza kamene anthu amakonda kukadumpha. Mu Okutobala 2011, miyezi 10 ngoziyi isanachitike, Knight inayesa makina ake kumapeto kwa sabata pogwiritsa ntchito manambala oyeserera. Lolemba m'mawa dipatimenti ina inapitiriza kuchita malonda enieni ndi manambala oyeserera aja, n'kutaya madola pafupifupi 7.5 miliyoni. Anakonza pamalo pamene panavulala pokhapo. Sanadzifunse kuti kodi n'kuti kwina kumene ntchito yosiyidwa pakati ingalowe kumsika popanda woiona.

SEC sinanene kuti mndandanda wochonga ukanapulumutsa Knight. Amenewo ndi maganizo anga, ndipo ndikudziwa kuti pepala lokha silikanalumikiza malire a 33 Account ndi chozimitsira makina. Koma taonani pamene nkhaniyi inakhotera: flag yakale kupatsidwa ntchito yatsopano, seva imodzi kudumphidwa, maimelo kusawerengedwa, kubwerera m'mbuyo mosayesa. Paliponse pamenepa sipanafunike katswiri wodabwitsa. Panafunika munthu woti afunse funso lachibwana pa nthawi yake, ndipo ntchito ya mndandanda ndi yomweyo, kukakamiza kuti funso lachibwana lifunsidwe ngakhale onse m'chipindamo ali akatswiri.

Kwa mnyamata uja wofunsa ngati ndimamukhulupirira, ndinamuuzanso za ndege ya Boeing Model 299 imene inagwa itangonyamuka ku Wright Field, ku Ohio, pa 30 Okutobala 1935. Woiyendetsa anali mmodzi mwa odziwa kwambiri ntchito yoyesa ndege, koma loko yogwira zowongolera ndege ikaima pansi sinamasulidwe. Anthu awiri anamwalira. Oyendetsa ndege sanati pafunika maphunziro ena, analemba kakhadi ka zoti aziona asananyamuke. Azachipatala anatengera zomwezo. Mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa kuchipinda cha opaleshoni, wa mfundo 19, utayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, china cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa za odwala zinatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8 pa odwala 1,000 alionse. Komabe ku Ontario, ku Canada, kumene boma linachita kulamula kuti zipatala zonse zizigwiritsa ntchito mndandanda wotere, kafukufuku wa mu 2014 sanapeze kusintha kwenikweni. Mmene ndimaonera, pepala lolamulidwa kuchokera kumwamba limasanduka lochonga ndi dzanja lokha, maso ali kwina.

N'chifukwa chake mndandanda wathu uli ndi lamulo limodzi lalikulu: mzere uliwonse uzifuna umboni, osati kuchonga chabe. Sitilemba kuti "khodi yaikidwa pa maseva onse", chifukwa mmisiri wa Knight uja akanachonga mzere umenewo ndi mtima wonse, poti iye ankakhulupirira kuti wamaliza. Timalemba dzina la seva iliyonse pa mzere wakewake. Amene waika khodi sachonga yekha. Mnzake ndiye amalowa pa seva, n'kuifunsa nambala ya pulogalamu imene ikuyenda panthawiyo, n'kuiwerenga mokweza, wina akulemba. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho sitilola kuti wina anene kuti ndamva kuti zatheka. Nambala imodzi ikasiyana ndi zinzake, flag siyatsidwa.

Mzere wa ma flag tinauika koyambirira kwenikweni, pa nthawi yokonza ntchito, khodi isanalembedwe. Funso lake ndi lakuti, kodi pali dzina, flag kapena gawo la tebulo limene tikulipatsa tanthauzo latsopano? Ngati lilipo, yankho lathu pafupifupi nthawi zonse ndi kukana. Kupanga flag yatsopano kumadya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo woyang'anira ntchito ayenera kuika masikuwo pa kalendala poyera, apo ayi amisiri adzadulira njira tsiku lomaliza likayandikira. Kuchotsa khodi yakufa nakonso timakupatsa tsiku lakelake, osakuphatikiza ndi kuika zatsopano.

Mizere iwiri yomaliza ndi ya maina a anthu. Woyamba ndi wa munthu amene akhale akuwerenga ma log (kaundula amene makina amalembamo zimene akuchita) ndi maimelo a makina pa ola loyamba, osachita china chilichonse. Wachiwiri ndi wa munthu amene ali ndi mphamvu yoimitsa zonse popanda kupempha chilolezo kwa bwana aliyense, pamodzi ndi malangizo a mmene angaimitsire. Mzere umenewu ndi umene umavuta kwambiri kwa ife, chifukwa tinaleredwa kuti mwana sachita chinthu chachikulu akulu asanalole. Ndimachita kunena pamaso pa gulu lonse kuti wazimitsa molakwitsa sadzakalipiridwa. Zonse pamodzi sizidzaza tsamba limodzi. Tinayesapo mndandanda wa masamba atatu, ndipo pofika sabata yachitatu anthu ankauchonga wonse nthawi imodzi ntchito itatha.

Ena amati zonsezi n'zachikale, masiku ano tili ndi Ansible ndi mapaipi a CI/CD, zida zimene zimaika khodi pa maseva zokha, munthu sakoperanso mafayilo ndi manja. N'zoona, ndipo nafenso timagwiritsa ntchito zimenezo. Sikiripiti, kapulogalamu kogwira ntchito yokopera ija, siitopa, siiyankha foni. Koma imatenga maina a maseva mu fayilo imene analemba ndi munthu. Zinatichitikirapo pa ntchito ina ya malipiro a pafoni. Tinali ndi maseva 4, ndipo ina inafa diski sabata yoika pulogalamu yatsopano. Mnzathu anaichotsa mu fayilo ya maina kuti sikiripiti isamalephere, zimene zinali zanzeru. Sikiripiti inayenda, inaonetsa zobiriwira, maseva 3 mwa 3. Patapita masiku awiri diski yatsopano inafika, seva ija inayatsidwa ndi pulogalamu yake yakale, ndipo load balancer, chida chogawa makasitomala pa maseva, inayambanso kuitumizira makasitomala. Masana ake tinayamba kulandira madandaulo osamveka mutu wake: munthu yemweyo akalipira kawiri, ulendo wina amadulidwa ndalama molondola, ulendo wina molakwika. Tinatha maola ambiri tikuwerenga khodi yatsopano imene inalibe vuto lililonse, mpaka mtsikana amene anali atangoyamba kumene ntchito anafunsa kuti kodi maseva athu alipo angati.

Tinabweza ndalama za anthu tsiku lotsatira. Pa mndandanda tinasintha mzere umodzi: maina a maseva sititenganso mu fayilo ya sikiripiti, timawatenga pa load balancer, pamene pamaoneka seva iliyonse imene ingalandire kasitomala, kaya ili moyo kaya yazimitsidwa. Tinapanganso kamndandanda kena ka mizere itatu kotsatira pobwezeretsa seva imene inachotsedwa, ndipo kamene kaja timakamata pa chitseko cha kabati ya maseva.